Kabokosi ka Achimwene Kakana Kutseguka

Alamu anga anabwera ku shopu Lachitatu m'mawa, ine ndili pakati posindikiza mapepala a mayeso a sukulu ina ya pulayimale. Sanakhale pansi. Anaima pakhomo, mwana ali kumsana, nandiuza kuti lole yonyamula mabelo a fodya idzadutsa pa Mtunthama Loweruka m'mawa, ndipo woyendetsa wavomera kuwatenga pamodzi ndi katundu wawo mpaka ku Lilongwe, kumene abale awo akawachingamire. Anali atasudzulidwa kale. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri anali atawamasula kuti abwerere kwawo ku Dedza, popeza mwamuna wawo, achimwene anga, anali atagona kumanda mwezi ndi theka.

"Alamu," anatero, "kabokosi anakupatsani kaja akuti ndi mmene ankasungiramo mavidiyo. Mungandichotsereko kavidiyo kamodzi kokha, koti mwanayu azidzawadziwa bambo ake? Foni yanga yakale inagwera m'chitsime, zonse zinapita nayo. Ndilibe ngakhale mawu awo."

"Zimenezo n'zosavuta," ndinayankha. "Bwerani mawa."

Pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, ndi mmene ndinabadwira. Kabokosiko ndinali ndisanakayesepo n'kamodzi komwe. Kanali pansi pa tebulo, m'katoni ya mapepala, chifukwa ndikakaona mtima unkandiwawa.

Achimwene anali wojambula mavidiyo. Maukwati, zinkhoswe, makwaya a mumpingo, kuyambira kuno mpaka ku Lisasadzi, anthu ankaitana iwo. Anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto masana dzuwa likuswa mtengo, atangoti akaone kasitomala abwera posachedwa. Laputopu ya mu shopu mwanga ananditsegulira njira yake ndi iwo omwewo. Ndi yakale, batire linafa kalekale, ndipo mkati mwake muli Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta. Anandiikira atatopa nane, poti mlungu uliwonse ndinkawaitana kuti mafulashi a makasitomala andibweretsera mavairasi. Anandionetsanso kawindo kakuda kolembamo malamulo, nandiphunzitsa malamulo atatu kapena anayi. Ndinkamvetsera ndi khutu limodzi. Ukakhala ndi mlongo wodziwa zinthu suphunzira, umangoimba foni.

Mmene kabokosiko kanafikira kwa ine ndi nkhani ya mwambo. Kwathu katundu wa womwalira amagawidwa, ndipo wachibale aliyense ayenera kuchoka ndi kena kake, ngakhale sipuni. Tsiku logawa azakhali anayala mphasa pabwalo. Zovala sizinavute, nsapato sizinavute. Kamera inapita kwa msuweni wa ku Lilongwe, kompyuta yaikulu imene achimwene ankalumikizira mavidiyo inapita kwa wina wa ku Mzuzu. Zingwe zonse za m'nyumba amayi anazisonkhanitsa m'beseni, atazipinda bwinobwino ngati luzi, ndipo katundu wooneka atatha anthu asanathe, anayamba kugawa zingwezo, munthu chimodzi, munthu chimodzi. Ine ndinali pomwepo, maso atatupa, sindinaganize kanthu. Kabokosi kakuda kopanda batani palibe anakafuna. "Mupatseni wa makompyutayo," anatero azakhali, ndipo ndinakalandira ndi manja awiri.

Alamu atangochoka ndinakatulutsa. Ndi hadi disiki yolumikiza kunja kwa kompyuta, ya mtundu waukulu uja woima patebulo. Chingwe chake panalibe, koma bowo lake linali lofanana ndi la pulinta. Ndinazula chingwe cha pulinta mapepala a mayeso asanathe, n'kulumikiza. Pa Linux ukalowetsa fulashi kachithunzi kake kamatulukira pambali. Ndinadikira. Ndinasintha bowo la pa laputopu, ndinapemerera m'kati, ndinazimitsa n'kuyatsanso. Palibe chinatulukira.

Apo ndinatsegula kawindo kakuda kaja n'kulemba lamulo limodzi limene ndinkalikumbukira, lsblk. Limaonetsa zosungira zonse zimene kompyuta ikuziona. Achimwene ankati chinthu chimayamba chaoneka pamndandandawo, kenako ndiye umachimaunta, kutanthauza kuchimangirira pa foda kuti uzitha kulowamo. Pamndandanda panali sda yokha, disiki ya m'kati mwa laputopu. Ndinalemba lamulolo kasanu, ngati kuti kompyuta ichita manyazi isinthe yankho. Aphunzitsi a mayeso aja anabwera kudzatenga mapepala awo, anapeza theka, ndipo ndinawayankha mosayenera. Mpaka lero akandiona amandipatsa moni wouma.

Shopu yoyandikana ndi yanga ndi ya bambo wina wa Chisilamu, wa ndevu za imvi, wogulitsa machaja, mabatire ndi mawailesi. Munthu wofatsa zotopetsa. Atamva ndikukalipira kompyuta anasuzumira, natenga kabokosiko, nakatembenuza pang'onopang'ono.

"Achemwali, ichi chimadya pachokha," anatero, akuloza kabowo kena kozungulira kumbuyo. "Chimafuna magetsi akeake. Adaputa yake ili kuti?"

Kabowoko ndinali nditakaona, koma ndinkayesa kokongoletsa.

Lachinayi m'mawa anandibweretsera adaputa ya dikoda yakale. Mutu wake unalowa bwinobwino. Kanyali kabuluu kanayaka, m'kati munayamba kulira ngati chinthu chikuzungulira, ndipo ndinamva thupi lonse kupepuka. Ndinalemba lsblk. Pansi pa sda panatulukira sdb. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, kabokosi kanalira kuti tche, tche, n'kukhala chete. Ndinalembanso lamulo lija, sdb kulibe. Patapita kanthawi kanayambanso kuzungulira, sdb n'kubwera, tche, tche, n'kusowanso. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Wanga anali pachala, ndipo mphepo inkamuuluza ine ndikuona.

Alamu anabwera monga ndinawauzira. Ndinawanamiza kuti zatsala pang'ono, abwerenso mawa. Anandiyang'ana, nayang'ana kabokosi, n'kutuluka. Bola akanandikalipira.

Ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza pafoni. Azungu ndi Amwenye a pa intaneti amene anakumanapo ndi vuto lotere ankati lemba dmesg, uone zimene kompyuta ikudandaula. Ndinalemba. Panatsika mizere yambirimbiri ya Chingerezi chouma, koma kumapeto kunali kubwereza zinthu ziwiri: chalumikizidwa, chachoka, chalumikizidwa, chachoka. Wina analemba kuti zikatero nthawi zambiri magetsi akuchepa. Ndinathamangira kwa aneba. Anavala magalasi, nawerenga tizilembo ta pansi pa kabokosi, nawerenganso ta pa adaputa.

"Mavoluti a magetsi ndi ofanana, thwelofu. Koma ichi chikufuna maampu awiri, yangayi ikupereka imodzi. Mukufuna ng'ombe ikoke ngolo mutaipatsa chakudya cha mbuzi."

"Ndiye ndigulitseni ya awiriyo."

"Ndilibe. Ndipo lekani kuchiyatsayatsa, kulira kumeneko si kwabwino."

Anaimbira mnzawo wa ku boma. Kumeneko akuti zinatha, katundu abwera mlungu wamawa. Bambo wina amene ankagula mabatire a tochi analowerera, akuti tingodula waya tilumikize ku batire la sola, iye amatero ndi wailesi yake. Ndinamuuza kuti akalumikize mutu wake. Aneba anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine n'kupepesa, koma mawu anali atatuluka kale.

Kunatsala njira imodzi, kupeza adaputa yeniyeni ya kabokosiko. Ndinaimbira azakhali. Iwo sadziwa kuwerenga koma saiwala amene analandira chiyani pa maliro alionse a m'banja mwathu kuyambira ndili mwana. Ndinawafotokozera: chingwe chakuda, mbali ina chili ndi chimutu cholemera cholowetsa pakhoma.

"Chachimutu chija chinapita kwa amalume ako," anatero. "Tinaona kuti ndi cholemera kuposa zinzake, ndiye choyenera munthu wamkulu. Bwanji?"

"Ndikuchifuna."

Iwo anati, "Mwanawe, za pamaliro sizibwerera. Ukafunse bwino."

Amalume, mlongo wa amayi anga, amakhala kwa Kaomba, m'mudzi wopanda ngakhale polo imodzi ya magetsi. Foni yawo imayaka tsiku limene akumbukira kukaitchajitsa. Lachinayi lonselo sinkapezeka. Ndinagona ndikutembenuka, ndipo Lachisanu kunja kusanayere bwino ndinali pamsewu. Minibasi inandisiya pamphambano, ndipo kuchokera pamenepo ndi njinga zamoto zokha. Chimwalirireni achimwene ndinali ndisanakwerepo. Ndinaima pamenepo akabaza akundiitana. Kenako ndinakumbukira kuti mawa ndi Loweruka, n'kukwera. Njira yonse ndinatseka maso, ndikumva fungo la fodya wouma kuchokera m'zigafa za m'mbali mwa msewu.

Ndinawapeza m'chigafa, atakhala pa chiguduli, akusankha fodya. Masamba aatali uku, ofiirira uku, ong'ambika uko. Nyengo imeneyo mlimi wa fodya salankhula ataimirira ndipo sakuyang'ana kumaso, maso amakhala pa tsamba. Ndinagwada, tinapatsana moni. Anafunsa za amayi, za shopu, za mvula ya kwathu imene inaleka kalekale. Ndinayankha zonse, m'kati mukuwira. Munthu sungafike kwa amalume n'kuyamba ndi chimene wadzera, ndiye ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza kusankha. Tsamba lachitatu analichotsa pamulu umene ndinaika n'kuliika pena.

Dzuwa litakwera ndinalephera kupirira. Ndinafotokoza zonse, za alamu, za lole, za kabokosi, za maampu awiri.

"Chingwecho chilipo," anatero. "Chili m'sutukesi."

"Ndiye mundipatse, ndithamange."

"Iwe, unaonapo katundu wa pamaliro akubwezedwa? Anthu adzati chiyani? Adzati amalume ake anachikana, kapena adzati mphwake anakawalanda. Zonse ziwiri n'zoipa."

Pamenepo mtima wanga wapachala unandipereka. "Amalume, kuno kulibe magetsi. Chingwe chimenecho muchita nacho chiyani? Mumangira mbuzi?"

Manja awo anaima. Anaika tsamba pansi, nandiyang'ana kwa nthawi yoyamba chifikire changa. Sanakweze mawu.

"Mwana uja, mlongo wakoyo, bambo anu atamwalira anakulira pano. Fodya ameneyu ndi amene anamuphunzitsa sukulu. Kamera yake yoyamba ndinapita naye ndine kukagula, sindinkadziwa n'komwe kuti imagwira bwanji. Tsiku logawa ndinakhala pamphasa paja ndikuona zinthu zikupita kwa anthu amene sanamusambitsepo. Ine anandipatsa chingwe. Ndinalandira, sindinadandaule, chifukwa ndi chake. Lero iwe ukuti ndimangire mbuzi."

Manyazi anandigwira mpaka m'mapazi. Ndinapepesa, ndipo kupepesa kwake kunali kwenikweni, koma m'mutu ndinkawerengabe maola. Ndimadana nako kumeneko mwa ine, kuti ngakhale munthu akunditsegulira mtima ndimakhala ndikuyang'ana dzuwa. Iwo anapitiriza kusankha fodya, ine manja ali pamiyendo. Ndinali nditayamba kale kuganiza mawu okawauza alamu.

Atamaliza mulu umene unali patsogolo pawo anaimirira, nakuntha fumbi pa buluku, nalowa m'nyumba. Anatuluka atavala jekete lawo la kutchalitchi, thumba lina litatupa.

"Kukupatsa sindikupatsa," anatero. "Koma palibe mwambo woletsa munthu kuyenda ndi katundu wake. Tiye."

Anasiya fodya pakati pa nyengo yodinda mabelo, zimene sindinawaonepo akuchita ngakhale akudwala malungo. Panjira dzanja lawo silinachoke pathumba. Mu minibasi kondakitala anawapempha kuti asunthe, iwo anasuntha ndi thupi lokha, dzanja lili pomwepo.

Tinafika pa Mtunthama chakumasana, n'kupeza magetsi azima. Aneba anali atatseka, apita ku mzikiti, ndipo atabwerera anati jenereta yawo inawonongeka mwezi watha. Ndinakhala pakhomo la shopu ndikuyang'ana babu. Ndinasesa mosesedwa kale. Ndinapita kuchigayo kukafunsa ngati amva kuti ayaka nthawi yanji, ngati kuti a chigayo ndiwo amayatsa. Amalume anakhala pabenchi, chipewa pa bondo, akuonera malole a fodya akudutsa ndi kuyerekeza mabelo ake ndi maso. Alamu anadutsa madzulo akuchokera kotsanzikana ndi amayi a mumpingo. Nthawi imeneyi sindinawanamize. Ndinati sindikudziwa. Dzuwa linalowa magetsi asanabwere, ndipo amalume anakagona kwa amayi, chingwe chawo m'thumba.

Loweruka mbandakucha ndinamva chigayo chikulira, n'kudziwa kuti magetsi ayaka. Sindinasambe n'komwe. Pofika ku shopu amalume anali kale pakhomo. Ndinayatsa laputopu, ndinalumikiza chingwe cha pulinta, ndiye ndinatambasula dzanja kuti andipatse adaputa. Anapukusa mutu.

"Ndionetse polowetsa."

Ndinawaonetsa. Anagwada ndi maondo awo olira aja, nalowetsa okha pakhoma, kenako pa kabowo kozungulira. Kanyali kanayaka. M'kati munazungulira, kulira kwake kosalala, kopanda tche tche. Ndinalemba lsblk. Panali sdb, ndipo pansi pake sdb1. Ndinawerenga mpaka makumi awiri, n'kulembanso. Zinali pomwepo. Kachithunzi kanatulukira pambali, ine n'kukadina.

M'malo motseguka panabwera uthenga. Ndinauwerenga katatu. Unkati disikiyi sinatsekedwe bwino nthawi yomaliza imene inagwiritsidwa ntchito, inachotsedwa ili pakati pa ntchito, choncho kompyuta yakana kuimaunta poopa kuononga zam'kati.

"Akuti chiyani?" anafunsa amalume.

Pamenepo ndinakumbukira. Tsiku la ngozi, uthenga utafika, tinathamangira kunyumba kwa achimwene kukatulutsa katundu pabalaza, monga timachitira, kuti amayi apeze poyala mphasa thupi likafika. Pakona panali tebulo lawo la ntchito. Kompyuta inali yoyaka, kamzere kobiriwira kakuyenda pa sikirini, ntchito imene anaisiya kuti aipeza yatha akabwera. Amayi ena ankaopa kukhudza. Ine, wa makompyuta, ndinafika n'kuzula zonse pakhoma ndi dzanja limodzi.

"Akuti wina anachizula chikugwira ntchito," ndinatero. "Ndinali ine, amalume. Tsiku lija."

Anangogwedeza mutu. "Nanga ukanatani? Pamafunika malo."

Alamu anafika nthawi yomweyo, atavala kale za paulendo, mwana kumsana. Katundu wawo anali ataunjikidwa m'mbali mwa msewu. Lole akuti yanyamuka kale kumene imapakira, ifika nthawi ina iliyonse.

Ndinabwerera pafoni. Malangizo anali ambiri ndipo ankatsutsana. Ena ankati ibwezere pa kompyuta imene inachokera, uitseke bwino. Kompyuta imeneyo inali ku Mzuzu. Ena ankapereka lamulo lokonzera disiki, koma pansi pake wina ankalira kuti analiyesa n'kutaya zithunzi za zaka khumi. Aneba, amene anali atalowa mwakachetechete, anati anyamata okonza mafoni zikavuta chonchi amangofomata. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti kufomata ndi kufufuta zonse. Anati akudziwa, amangonena kuti ndisalole munthu aliyense kundiuza zimenezo.

Kenako ndinapeza munthu wina amene analemba mwachidule. Anati ngati ukungofuna kutengamo zinthu, usakonze kanthu. Imaunte moti uzingowerenga, osalembamo. Ukatero kompyuta siopa, chifukwa palibe chimene ingaononge. Analemba ndi lamulo lake. Ndinalikopera chilembo chimodzichimodzi, ndikuyang'ana pafoni, ndikuyang'ana pa sikirini. Inandifunsa mawu achinsinsi, ndinalemba. Inakana, akuti sikuzindikira mtundu wa disikiyo. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ndalemba sdb, ndaiwala wani wa kumapeto. Ndinalembanso: sudo mount -o ro /dev/sdb1 /mnt.

Sinayankhe kanthu. Inangotsikira pamzere wina n'kumaphethira. Ndinatsala pang'ono kumenya tebulo, kenako ndinakumbukira kuti Linux zikayenda bwino siyamikira, imangokhala chete. Ndinatsegula foda ija. Munali modzaza.

Mafoda anali ndi maina a midzi ndi miyezi. Ndinatsegula yoyamba: ukwati, akwati akuvina polowa mu holo, anthu akuponya ndalama m'lichero. Yachiwiri chinkhoswe, yachitatu kwaya ya amayi atavala zoyera. Ndinkathamangitsa vidiyo iliyonse ndikusaka nkhope imodzi. Alamu anaima kumbuyo kwanga, amalume mbali inayo, mpweya wawo ndikuumva pakhosi. Tinaona anthu a m'dera lonse lino atavala bwino, akuseka, akudya, ena amene anasiyana kale mabanja, ena amene anamwalira. Achimwene munalibe. Zinali zoonekeratu ndipo ndikanayenera kuziganiza Lachitatu: wojambula amakhala kuseri kwa kamera. Mawu awonso sankamveka, chifukwa pamwamba pa zonse ankaikapo nyimbo.

Kunja lole inaliza hutala. Ndinamva anyamata akuyamba kukweza matiresi ndi mapoto pamwamba pa mabelo.

"Basi alamu," anatero alamu anga. "Mwayesetsa. Musadzivutenso."

"Dikirani."

"Adilaivala sadikira."

Amalume anatenga chipewa chawo natuluka. Pawindo ndinawaona akupita kwa dilaivala, akumupatsa moni wautali uja wa kumudzi, akufunsa za fodya, wa ndani, wa giredi yanji, okushoni ikuyenda bwanji chaka chino. Ankandigulira nthawi ndi chinthu chomwecho chimene chinkandipsetsa mtima dzulo lake.

Ndinasiya kutsegula maukwati. Ndinatsika mpaka pansi pa mndandanda, kumene kunali foda yaing'ono yolembedwa kuti zoyesa. Munali timavidiyo tifupitifupi, tambiri ta khoma, ta denga, ta phazi. Kamodzi kanali ka mphindi imodzi ndi theka. Pa sikirini panaoneka chingwe choyanikira zovala kuseri kwa nyumba yawo, matewera akuuluzika, kamera itaima pamalo amodzi. Ndiye panamveka kutsokomola, pafupi kwambiri, ngati munthu ali m'shopu momwemo.

"Eya. Mayi a mwana, mwavala zam'makutuzo?"

Ndinaimitsa pomwepo. Ndinakopera kavidiyoko pa fulashi yatsopano, ndinakoperanso pa foni ya alamu, n'kutsegula pafonipo kuti nditsimikize kuti kalowadi. Ndipamene ndinacheuka. Alamu anali atakhala pansi pa simenti, mwana atamutsitsa pamiyendo.

"Linali tsiku limene anagula maikolofoni yopanda waya," anatero motsitsa. "Anandiimika pa kamera, anandiveka zam'makutu zomverera mawu, iwo n'kumayenda nayo kuti aone kuti imafika patali bwanji. Bwezerani, alamu."

Ndinabwezera pachiyambi n'kukweza mawu. Amalume anali atabwerera, ataima pakhomo. Maikolofoni inali pa malaya a achimwene, choncho inkatola mawu awo okha. Mayankho a alamu a tsiku limenelo sanalowe. Pambuyo pa funso lililonse pankakhala mpata, mukumveka mapazi ndi mpweya wawo basi.

"Mayi a mwana, mwavala zam'makutuzo? Chabwino. Ndikuyenda tsopano. Ndili pa khitchini. Mukundimva?"

Mpata. Matewera akuuluzika.

"Ndadutsa bafa. Nkhuku zanuzi zalowanso m'dimba, ndinakuuzani. Mukundimva?"

Mpata wina, ndi kuseka kwawo kuja kotulukira m'mphuno. Hutala inaliranso kunja, kawiri. Palibe anasuntha.

"Tsopano ndafika pamsewu. Kuno ndiye ndi kutali ndithu, sindikukuonaninso. Mayi a mwana, mukundimvabe?"

Alamu anakokera mwana pachifuwa, namutembenuzira ku laputopu.

"Ndikukumvani, bambo ake," anatero.